Troli, wilibala kapena ngolo yokankha: tisankhe chiti, tichigwire bwanji?

Alimi anzanga, pali funso limene limabwera pafupifupi m'gulu lililonse ndalama za banki m'khonde zikagawidwa, kapena chimanga cha m'munda wa sukulu chikagulitsidwa: tigule chiyani chotithandiza kututa katundu? Ena amati wilibala. Ena anaona troli pa sitolo ya ku Boma, mnyamata akutsitsa matumba atatu a simenti ulendo umodzi osatuluka thukuta, ndiye mtima wawo uli pomwepo. Achinyamata anaonanso pa foni kathabwa ka matayala anayi kakuyendetsa kabati yaikulu ngati ikuyandama pamadzi. Zida zonsezi ndi zabwino, koma chilichonse chili ndi malo ake. Mukalakwitsa malo, ndalama ya gulu imakagona kuseri kwa nkhokwe n'kumadyedwa ndi dzimbiri, anthu akupitiriza kusenza pamutu monga kale.

Werengani tsambali kunyumba, ndipo amene akuvutika ndi Chichewa anzawo awamasulire m'chiLambya, chiSukwa, chiNdali kapena chiTumbuka tisanakumane.

Katundu wathu amalemera bwanji?

Thumba la feteleza ndi makilogalamu 50. La simenti ndi 50. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, choncho chigubu cha malita 20 ndi makilogalamu 20, ndipo dramu ya malita 200 ikadzaza ndi makilogalamu 200 musanawerengere chitsulo chake. Batire yaikulu ya sola, ija yolembedwa 100Ah, imafika pafupifupi makilogalamu 30. Thumba la chimanga timati ndi 50, koma lija losokerera pamwamba limene mavenda amalikonda limapitirira kutali.

Bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO linalangiza mu 1967 kuti mwamuna wamkulu asamanyamule yekha katundu woposa makilogalamu 55, ndipo kuti amayi ndi achinyamata azinyamula wochepa kwambiri kuposa pamenepo. Kenako mu 1991 akatswiri a bungwe la NIOSH ku America anaunikanso nkhaniyi n'kuika makilogalamu 23 ngati mlingo umene anthu ambiri angakweze osavulala, ndipo izo n'zoti katunduyo ali pafupi ndi thupi, ali ndi pogwira pabwino, komanso munthu sakupotoza chiuno. Ndiye kuti thumba limodzi la Urea likuposa kawiri mlingo umenewo. Ife timalitola pansi, kuliponya paphewa, n'kuyenda nalo.

Mukhoza kunena kuti makolo athu akhala akusenza chonchi kuyambira kale. N'zoona. Koma funsani akuluakulu a m'gulu lathu kuti ndi angati amadzuka m'mawa atagwira m'chiuno. Mukawerama kuti mutole thumba, thumbalo limakhala kutali ndi msana, pamene minofu yokudzutsani inamatirira pafupi kwambiri ndi mafupa a msanawo. Kuti ikwanitse, minofuyo imakoka ndi mphamvu yoposa kulemera kwa thumbalo kangapo, ndipo mphamvu yonseyo imafinya timapilo tofewa tokhala pakati pa mafupa a msana. Kapilo kamodzi kakaphulika kapena kutuluka m'malo, munthu amagona masabata. Tsono feteleza timamututa mu Novembala ndi Disembala, nthawi yomweyo yodzala ndi kupalira koyamba. Msana ukaduka sabata imeneyo, munda ndi umene umalipira.

Tayala ndilo lisenze

Chida chilichonse cha matayala chimagwira ntchito bwino katundu akakhala pamwamba pa tayala kapena pafupi nalo. Akatalikira ku tayala n'kuyandikira kwa inu, mumakhala mukusenzabe, kungoti mwasenzera m'manja.

Tiyeni tiwerengere ndi wilibala. Tinene kuti kuchokera pa ekiselo ya tayala kufika pamene mumagwira ndi masentimita 120, ndipo mwaikamo matumba awiri, makilogalamu 100. Ngati pakati pa katunduyo pali pa masentimita 60 kuchokera pa tayala, manja anu anyamula theka, makilogalamu 50. Mukawasunthira kutsogolo kuti pakati pake pakhale pa masentimita 30, manja anu anyamula makilogalamu 25 okha, otsalawo 75 asenzedwa ndi tayala. Katundu ndi yemweyo, wilibala ndi yomweyo, mwangosuntha matumba mtunda wosafika mkono umodzi.

Anthu a ku China anazindikira zimenezi kalekale. Wilibala yawo, imene yagwira ntchito kwa zaka mazana ambiri, inali ndi tayala lalikulu pakati penipeni, katundu n'kumangidwa mbali zonse ziwiri za tayalalo, moti woyendetsa ntchito yake inali kuwongolera ndi kukankha basi. Yathuyi, ya tayala kutsogolo, inapangidwira omanga nyumba: ndi yabwino kukhuthula mchenga pa mtunda waufupi, koma pa ulendo wautali imatopetsa mapewa.

Mfundo yachiwiri ndi kukula kwa tayala, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amataya ndalama. Taganizani kamwala kotalika masentimita 2 kali panjira. Katayala ka masentimita 10 m'mimba mwake kakatsamira kamwalako, kuti kakwere pamafunika kukankha ndi mphamvu yoposa kulemera konse kumene katayalako kasenza. Kunena kwina, kaima. Tayala la wilibala, la masentimita pafupifupi 40, limafuna pafupifupi theka la kulemerako. Tayala la njinga yakapalasa, la masentimita pafupifupi 70, limafuna gawo limodzi mwa magawo atatu. Likakhala la mpweya zimapepukanso, chifukwa mphira imameza kamwalako. N'chifukwa chake chida chimene chimathamanga pa simenti ya m'sitolo chimakanika pabwalo panu.

Zida zinayi ndi malo ake

Choyamba ndi kathabwa kaja ka matayala anayi, kamene m'Chingerezi amati dolly. Ndi thabwa kapena felemu yafulati yokhala ndi timatayala tozungulira mbali iliyonse. Mumakweza kabati, sofa kapena firiji pamwamba pake n'kumakankha. M'mizinda ngati Johannesburg kapena Dar es Salaam, osamutsa katundu wa m'nyumba amakadalira chifukwa pansi ponse ndi simenti kapena matailosi. Kuno kangathandize m'nyumba yosungiramo katundu ya kopaletivi, m'sitolo, kapena m'tchalitchi cha simenti yosalala. Pa dothi lozira timatayalato timakumba. Pamchenga timamira. Potsetsereka kamathawa, chifukwa kalibe chogwirira ndiponso kalibe buleki. Gulu la alimi sindingalilangize kugula chimenechi, ndipo pamene chikufunikadi, kalipentala akhoza kukhoma ndi matabwa anayi mutagula timatayala tokha.

Chachiwiri ndi troli ya matayala awiri, ija yoimirira yokhala ndi mbale yachitsulo pansi ndi zogwirira pamwamba. Mbaleyo imalowa pansi pa katundu, inu n'kupendeketsa trolilo kwa inu mpaka katundu atakhazikika pamwamba pa matayala. Ubwino wake waukulu ndi wakuti katundu simumukweza m'mwamba konse, mumangomupendeketsa pang'ono. Pa zinthu zazitali monga kabati, firiji, dramu yopanda kanthu, nkhokwe yachitsulo yopanda chimanga, komanso posanja matumba m'nyumba yosungiramo, palibe choiposa. Koma ndi ya mtunda waufupi: kuchokera pa galimoto kufika m'nyumba, kuchokera pa sikelo kufika pa mulu. Musaiyembekezere kukufikitsirani feteleza kuchokera pa depoti mpaka kumudzi.

Chachitatu ndi wilibala, imene tonse tikuidziwa. Tayala limodzi limadutsa paliponse pamene phazi ladutsa: m'kanjira ka pakati pa minda, pa mlambala wa mgula, pa thabwa limodzi loyalidwa pa ngalande. M'mbali mwa phiri mukhoza kuigwira mowongoka ngakhale nthaka yapendekeka, zimene chida cha matayala awiri sichingachite. Kuipa kwake n'kwakuti gawo la katundu limakhala m'manja nthawi zonse, ndipo imagwa msanga katundu akatalika.

Chachinayi ndi ngolo yokankha ya matayala awiri aakulu. Amene mumapita ku Tunduma munaiona, anzathu a ku Tanzania amaitcha mkokoteni. Katundu amakhala pamwamba pa ekiselo, choncho manja sanyamula kanthu kwenikweni, ndipo siigwera kumbali pa njira yafulati. Kuno ku Malawi ngolo yotere ya matayala a njinga, yotchedwa AfriCart, inayesedwapo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 kudzera mu Malawi Handcart Project. Wowotcherera kapena kalipentala waluso akhoza kupanga. Chenjezo ndi lakuti tayala la njinga ndi lolimba katundu akamalitsindika kuchokera pamwamba, koma limapindika msanga likakankhidwa cham'mbali, monga ngolo ikapendekeka pa bampu itadzaza. Matayala akale a njinga yamoto amapirira bwino. Ngoloyi imafuna njira yotakata, ndipo potsetsereka kwambiri ndi yoopsa ikakhala yopanda buleki.

Yendani kaye njirayo musanapite kusitolo

Boma lathu la Chitipa si lofanana. Mlimi wa ku Lufita kapena ku Kameme, kumene malo ambiri ndi a chidikha ndipo ngolo za ng'ombe zimadutsa, akhoza kupindula kwambiri ndi ngolo yokankha. Mlimi wa khofi ku Misuku, amene munda wake uli m'mbali mwa phiri ndipo kanjira kake n'kongokwana munthu mmodzi, ngolo yotereyo ingamupweteke. Iye wilibala yopepuka ndiyo yake, ndipo pali malo ena pamene ngakhale wilibalayo siyenera kufika, pongofunika kugawa thumba pawiri n'kuyenda maulendo awiri. Amene ali m'mphepete mwa msewu wa tara wochokera ku Karonga ali ndi mwayi wina, koma akumbukire kuti katundu sathera pa tara, amakathera pakhomo.

Choncho gulu lisanavote, tumani anthu atatu, mmodzi akhale mayi, ayende njira zimene chidacho chizidutsa kawirikawiri: ya kumjigo, ya kuchigayo, ya kumunda, ya kumsika. Aone pamene njira yapanikizika kwambiri n'kuyeza ndi chingwe. Aone pamene pali mchenga, miyala, ngalande ndi mitsitsi. Afunsenso mmene njirayo imakhalira mu Febuluwale, osati mu Ogasiti mokha. Malo oipitsitsa pa njirayo ndi amene akuuzeni chida choti mugule, chifukwa katundu akakanika pamalo amodzi, wakanika ulendo wonse.

Za chitunda pali kawerengedwe kosavuta. Ngati njira ikukwera mita imodzi pa mamita 10 alionse, makilogalamu 100 amafuna kuti muwonjezere mphamvu yokankha ya makilogalamu 10. Ikamakwera mita imodzi pa mamita 5, ndi pafupifupi makilogalamu 20, kuwonjezera pa mphamvu imene mumagwiritsa kale pafulati. Potsika, mphamvu yomweyo ndi imene imakukokani. Mukamawerengera musaiwale kulemera kwa chida chenichenicho.

Pogula, gwirani ndi manja

Musagule chifukwa cha penti. Tembenuzani chidacho muone kunsi. Zungulitsani tayala: liyende mwakachetechete, lisagwedezeke uku ndi uku. Funsani ngati muli mabeyaring'i kapena ndi paipi chabe yozungulira pa chitsulo, ndipo ngati mabeyaring'iwo akupezeka ku Boma kapena ku Karonga akatha. Onani powotcherera, makamaka pamene mbale ya troli yalumikizana ndi felemu komanso pamene miyendo ya wilibala yagwira. Powotcherera pooneka ngati madontho otalikirana pamathyoka. Dinani beseni la wilibala ndi chala chachikulu. Likabonyoka ngati chitini, silimaliza chaka.

Pa troli, sankhani matayala osachepera masentimita 25 m'mimba mwake ngati idzatuluka panja. Ena amalemba pa felemu makilogalamu amene chidacho chingasenze. Nambala imeneyo ndi ya pa simenti yosalala, chida chili chatsopano. Pa njira zathu ichepetseni, ndipo kumbukirani kuti chitsulo chikhoza kupirira katundu amene inuyo simungathe kumuimitsa.

Nkhani ya tayala la mpweya ndi tayala lolimba imautsa mkangano m'magulu. La mpweya limayenda mofewa pa miyala ndi pamchenga, ndipo limapepukitsa ntchito, koma limaboola ndi minga, likufuna pampu, ndipo likaphwa tsiku lotuta manyowa ntchito yaima. Lolimba silifuna chilichonse, koma limagunda m'mapewa ndipo limamira pofewa. Ine ndimati chida cha munthu mmodzi wosamala, amene ali kale ndi pampu ya njinga, chikhale cha mpweya. Chida cha gulu, chodutsa m'manja 25, chikhale cha tayala lolimba, pokhapokha gulu litasankhiratu munthu woyang'anira tayalalo. Ndaonapo wilibala yatsopano itakhala miyezi itatu pakhonde chifukwa aliyense ankati amene anaboola ndiye amate.

Pomaliza imirirani nacho. Zogwirira za wilibala zifike pamene manja anu ali mutawatsitsa, miyendo yake itanyamuka pang'ono pansi. Amayi ayesenso, chifukwa zida zambiri zimapangidwa poganizira mwamuna wamtali.

Kusuntha kabati, firiji ndi katundu wina wa m'nyumba

Tinene kuti mwana wanu akusamukira m'nyumba yake ndipo pali kabati yoti ituluke. Yambani mwaikhuthula. Tulutsani mbale, madirowa ndi magalasi ochoka. Mangani zitseko zake ndi chingwe kuti zisatseguke panjira. Yezani kabatiyo ndi chingwe, kenako yezani khomo ndi chingwe chomwecho, mutawerengeranso kutalika kumene troli iwonjezere. Chotsani miyala, nkhuni, ziweto ndi ana m'njira yonse mpaka pamene kabatiyo ikaime.

Pakhale anthu awiri. Mmodzi apendeketse kabati pang'ono kutsogolo, wina alowetse mbale ya troli pansi pake mpaka felemu itakhudza kabatiyo. Ikani chiguduli kapena katoni pakati kuti isakalike. Mangani malo awiri, m'munsi ndi m'mwamba, ndi chingwe chenicheni. Malegeni a chubu amene timamangira katundu panjinga pano sayenera: amatamuka, kabati n'kusuntha, ndipo akaduka amakwapula m'maso. Mukamanga, pondani ekiselo ndi phazi limodzi, kokerani zogwirira kwa inu pang'onopang'ono mnzanu akuthandiza kutsogolo. Pali malo pamene mudzamva katundu akupepuka m'manja ngati wachoka. Pamenepo ndiye wakhala pamwamba pa matayala, ndipo yendani naye ali pomwepo. Mukatsitsa zogwirira kupyola apo, mwayamba kusenza. Mukazikweza, kabati ifuna kugwera kutsogolo.

Pafulati kankhani, musakoke chobwerera m'mbuyo, kuti muziona kumene mukupita. Ngati kabati yakutsekani maso, mnzanu ayende pambali n'kumakuuzani njira, ndipo mugwirizane kuti wolamula ndi mmodzi. Pakhomo samalani zala. Zambiri zimaphwanyika pakati pa chogwirira ndi felemu ya chitseko. Pansi pakakhala pozira, yalani matabwa awiri kuti matayala ayendepo.

Sitepe ya pakhonde ndi pamene ngozi zambiri zimachitikira. Wogwira troli akhale kumtunda nthawi zonse. Potsika, katundu atsogole, matayala onse awiri afike m'mphepete mwa sitepe nthawi imodzi, n'kuwatsitsa pang'onopang'ono. Pokwera, inu kwerani kaye, kenako kokerani troli kwa inu. Wothandiza aime pambali, osati kunsi kwenikweni kwa katundu. Ngati sitepe ndi yaitali, yalani matabwa ochindikala, aatali pafupifupi mamita 2 pa sitepe ya masentimita 20, ndipo khomani zikhomo pansi kuti asaterereke.

Firiji iyende choimirira. Mkati mwa injini yake muli mafuta amene amalowa m'mapaipi ikagonekedwa. Mukafika nayo, isiyeni itaima maola angapo musanayatse, ndipo ngati inagona panjira dikirani tsiku lathunthu. Batire ya sola ya madzi nayonso isapendekeke, chifukwa muli asidi wowotcha khungu ndi zovala. Chotsani mawaya kaye ndipo pasakhale chitsulo chokhudza mitu yake iwiri. Dramu yodzaza madzi musayese n'komwe kuiika pa wilibala. Tungani m'zigubu, zitatu kapena zinayi, zodzaza bwino ndi zotseka. Chigubu chosadzaza madzi ake amakhavukira uku ndi uku n'kukugwetsani pokhota.

Matumba, manyowa ndi zitunda

Ngozi yoyamba imachitika katundu asanakwere n'komwe pa chida. Wilibala ibwere pafupi ndi thumba, osati thumba kupita kwa wilibala. Thumba la makilogalamu 50 mukweze anthu awiri, wina uku wina uku, mawondo opinda, msana wowongoka, thumba pafupi ndi thupi. Potembenuka sunthani mapazi, musapotoze chiuno mutanyamula. Mukakhala nokha, gonekani wilibala cham'mbali, gubuduzirani thumbalo mkati, kenako idzutseni. Mukamasanja matumba kunyumba, ikani pa thandala lokwera pang'ono. Chimanga chimatetezeka ku chinyezi, ndipo inunso simudzatolanso kuchokera pansi penipeni.

Cholemera chikhale pansi ndi kutsogolo. Musapusitsidwe ndi kudzaza kwa beseni. Mawilibala ambiri a m'masitolo ndi a malita pafupifupi 65. Mukadzaza chimanga chotongola ndi pafupifupi thumba limodzi, koma mukadzaza mchenga wonyowa zimapitirira makilogalamu 100. Manyowa ouma ndi onyowa amasiyananso chimodzimodzi.

Matumba a PICS asamaleni mwapadera. Amapha anankafumbwe chifukwa mapepala awiri a pulasitiki a mkati salola mpweya kulowa. Kabowo kamodzi kochokera ku ngodya yakuthwa ya mbale ya troli kapena ku waya wotuluka pa wilibala kakwanira kuti chimanga chifumbwe, inu mukuganiza kuti chatetezeka. Palani ngodya zakuthwa ndi tupa, ndipo yalani chiguduli musanaike thumba.

Potsika chitunda ndi wilibala, chepetsani katundu, ikhale patsogolo panu, ndipo ikayamba kuthamanga tsitsani zogwirira kuti miyendo yake ikhule pansi. Imeneyo ndiyo buleki yake. Pokwera, mnzanu amange chingwe kutsogolo n'kumakoka. Ngolo yokankha potsika pakhale anthu awiri kumtunda, wina pa zogwirira wina pa chingwe, ndipo mwala kapena chipika chotsekera tayala chikhale pafupi. Kutsogolo kwake kusakhale munthu. Katundu akayamba kugwa, musiyeni agwe, inu lumphirani kumtunda. Thumba likang'ambika timawola, kabati ikathyoka kalipentala alipo. Anthu ambiri amavulala pofuna kuwakha chinthu chimene chagwa kale.

Valani nsapato zotseka kapena magambutsi. Patapata amaterera pa dothi lonyowa ndipo sateteza zala mbale ya troli ikatsika.

Ndani asanyamule, ndipo tipite liti kuchipatala

Mayi woyembekezera, mayi amene wangobereka kumene kapena anachitidwa opaleshoni, ndiponso aliyense amene ali ndi chotupa chotuluka m'mphechepeche kapena pamchombo akamakosomola, asakweze matumba ngakhale pali wilibala. Ana akhoza kukankha zigubu ziwiri pafulati, koma asatumidwe ndi ngolo yodzaza potsetsereka, ndipo asakwere pamwamba pa katundu.

Kupweteka kwa msana kwa masiku awiri kapena atatu nthawi zambiri kumatha munthu akamayendayenda pang'ono n'kupewa zolemera. Koma ngati ululu ukutsikira m'mwendo mpaka kuphazi, mwendo wachita dzanzi kapena wafooka, pitani kuchipatala chapafupi. Ngati mkodzo kapena chimbudzi chikutuluka chokha, kapena mkodzo ukukanika, kapena pakati pa miyendo pachita dzanzi, limenelo ndi la tsiku lomwelo, ku chipatala chachikulu cha Chitipa, osadikira kutemera mphini. Chimodzimodzinso chotupa cha m'mphechepeche chikauma, kupweteka ndi kukana kubwerera mkati, makamaka munthu akamasanza.

Chida cha gulu

Feteleza amadya chitsulo. Mukatuta Urea, NPK kapena manyowa, tsukani beseni ndi kuliumitsa tsiku lomwelo, ndipo chidacho chigone pamthunzi chozondoka kuti madzi asakhalemo. Pakani girizi pa ekiselo mwezi uliwonse. Wilibala imene yanyamula mankhwala ophera tizilombo isanyamule ufa kapena ndiwo isanatsukidwe ndi sopo.

Gwirizanani za wosunga, kope lolembamo wobwereka, ndi kandalama kobwerekera kokonzera chida chikawonongeka. Lembaninso kuti ntchito iti ikhale patsogolo. Ndikunena izi chifukwa kawirikawiri wilibala ya gulu imathera kouma njerwa ndi abambo, pamene amayi, amene anasonkha nawo ndalama, akupitabe kuchigayo ndi thumba pamutu ndi mwana kumsana. Mukawerenga maulendo a pakhomo pa sabata, a kumjigo, kunkhuni ndi kuchigayo ndiwo ambiri. Abambo, mundikhululukire, koma masiku ena a sabata alembedwe kuti ndi a ntchito zimenezo.

Zoti tichite pa mkumano ukubwerawu

Tidzayesa tokha m'malo mongokhulupirira zimene ndalembazi. Gulu libweretse wilibala imodzi, matumba awiri a makilogalamu 50, sikelo yopachika ija yogulira mbewu, ndodo yolimba, chingwe, ndi njinga yakapalasa. Tidzapingasa ndodo pa zogwirira, n'kukoleka sikelo pakati pa ndodoyo, kenako n'kukweza mpaka miyendo ya wilibala itanyamuka. Tidzawerenga sikelo katatu: wilibala ili yopanda kanthu, matumba ali kumbuyo, ndi matumba ali kutsogolo. Mlembi adzalembe manambala onse atatu pa pepala lalikulu. Kenako tidzaika kathabwa ka masentimita 2 pansi, aliyense ayese kudutsitsapo wilibala ndi njinga zitasenza thumba limodzi, ndipo ngati wina angabwereke troli kusitolo tidzayesanso imeneyo.

Anthu atatu oyenda njira aja abwere ndi zingwe zawo zoyezera, atamanga mfundo pamene njira yapanikizika kwambiri, ndipo atiuze kuti malo ovuta kwambiri ali pati. Msungichuma abweretse mitengo ya wilibala, troli ndi ngolo kuchokera m'masitolo awiri ndi kwa wowotcherera mmodzi, pamodzi ndi mtengo wa tayala ndi mabeyaring'i osinthira. Kuvota kudzachitika tikamaliza zimenezi.